Kulamula ndi Aphungu Osakwanira: Boma la Conservative ku Britain, 2017 mpaka 2019

Nyumba ya Malamulo ya ku Britain, ija amaitcha House of Commons, ili ndi mipando 650. Chipani chofuna kulamula osagwadira wina chimafunika mipando 326. Pa chisankho cha pa 8 Juni 2017, chipani cha Conservative cha Mayi Theresa May chinapeza 317. Labour ya a Jeremy Corbyn inapeza 262, SNP ya ku Scotland 35, Liberal Democrats 12, DUP ya ku Northern Ireland 10, Sinn Féin 7, ndipo yotsalayo anagawana ena ang'onoang'ono. Palibe anafika pa 326. Chonsecho kutacha Mayi May anapita ku Buckingham Palace kukauza Mfumukazi Elizabeth kuti apanga boma, ndipo anakhalabe nduna yaikulu zaka zina ziwiri. Sanabere, ndipo palibe lamulo limene anaphwanya.

Chisankhochi anachiputa okha. A David Cameron anawasiyira aphungu 330, okwanira bwinobwino, ndipo anthu akanadzavotanso mu 2020. Koma akafukufuku ankati Labour yatsalira kutali, ndiye Mayi May anafuna kukolola nthawi yomweyo kuti akalowe ndi mphamvu pa zokambirana zotulutsa Britain m'bungwe la EU, monga anthu anagamulira pa riferendamu ya 2016. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mavoti awo anakwera ndithu, kuchoka pa 37 mwa 100 alionse kufika pa 42, koma mipando inatsika ndi 13. Paja kumeneko, ngati kwathu pa chisankho cha aphungu, dera amatenga ndi amene waposa mnzake ngakhale ndi voti imodzi, ndipo a Labour nawo anali atakwera kufika pa 40.

Nkhaniyi si ya eni ake okha. Abale athu amene ali ku Manchester, Leicester, Glasgow ndi kwina konse ndi chilolezo chokhalira m'dzikomo ali ndi ufulu wovota, ndipo malamulo a viza amene amawasowetsa tulo amachokera ku boma lomwelo. Ngakhalenso otsala kumudzi timamva pa wailesi kuti boma lagonja m'Nyumba ya Malamulo, mawa lake n'kumvanso kuti nduna yaikulu ikadali pampando, ndiye timasokonezeka.

Pepala lovotera lilibe dzina la nduna yaikulu

Kwathu voti ya pulezidenti ndi yapayokha, ya phungu yapayokha. Pulezidenti mphamvu amazitenga kwa anthu mwachindunji, choncho aphungu angamutembenukire bwanji, mpando sachoka pokhapokha atamuzenga mlandu m'Nyumba momwemo, njira yaitali yofuna magawo awiri mwa atatu a aphungu. Tinaziona nthawi ya a Bingu wa Mutharika. Atatuluka mu UDF mu 2005 n'kuyambitsa DPP, Nyumba inali m'manja mwa otsutsa, ndipo bajeti inkakokedwa miyezi aphungu akuti za Gawo 65, lokhudza aphungu osintha chipani, ziyambe zatha. Anthu anavutika, koma a Mutharika anamaliza zaka zawo zisanu.

Ku Britain wovota amalandira pepala limodzi, la phungu wa dera lake. Dzina la Mayi May linali pa pepala la dera lawo la Maidenhead lokha. Nduna yaikulu amaiika ndi mfumu ya dzikolo, ndipo mfumu silozera amene yamukonda: imatenga munthu amene Nyumba ingalole kuti alamule. Nkhani yonse yagona pa kulola kumeneku. Sikofunika kuti aphungu ambiri akhale a chipani chake, kapena kuti azimukonda. Chofunika n'chakuti asamange chimodzi chomuchotsa.

Palibenso lamulo loti chipani chachikulu ndicho chiyambe kuyesa. Mwambo wake, umene unalembedwa m'buku la kayendetsedwe ka boma lotchedwa Cabinet Manual mu 2011, umati zikagwira njakata, amene ali kale pampando amakhalabe mpaka zitaoneka kuti Nyumba yatsopano siimulola. Mu Febuluwale 1974 a Edward Heath a Conservative anapeza 297, Labour 301, koma iwo anakakamira masiku angapo akunyengerera a Liberal, n'kutula pansi udindo pa 4 Malichi zitakanika. Kale kwambiri, mu Disembala 1923, a Stanley Baldwin anapeza 258, kuposa wina aliyense. Nyumba itakumana mu Januwale 1924, a Labour ndi a Liberal anawagwetsa, ndipo a Ramsay MacDonald a Labour, amene anali ndi aphungu 191 okha, anapanga boma. Ndiye mukadzamva wina akuti chipani chachiwiri chalanda boma, mufunseni kuti lamulo limene chaphwanya ndi liti.

Masamu ake nawo ali ndi kachinsinsi. A Sipikala ndi achiwiri awo atatu savota. Aphungu a Sinn Féin sakhala n'komwe m'mipando yawo m'Nyumba ku Westminster, chifukwa amakana kulumbira kuti adzakhala okhulupirika kwa mfumu ya Britain. Mukachotsa amenewa, ovota mu 2017 anatsala 639, ndiye wofika pa 320 wapambana. Mayi May anali ndi 316, poti m'modzi wawo anakhala wachiwiri kwa Sipikala. Ankaperewera ndi anthu anayi basi.

Mtengo wa mavoti khumi

Chipani choperewera chotere chili ndi njira zingapo. Chingaitane chinzake kuti agawane maunduna, monga anachitira a Cameron ndi a Nick Clegg a Liberal Democrats mu 2010. Limenelo ndi boma la mgwirizano, si limene tikukamba pano. Chingalamule chokha n'kumasaka mavoti bilu ndi bilu, lero kwa uyu mawa kwa uyo, monga anachitira a Stephen Harper ku Canada kuyambira 2006, pamene anali ndi aphungu 124 mwa 308, mpaka 2011. Kapena chingalamule chokha koma chitalemberana pangano ndi chipani china kuti pa mavoti a moyo ndi imfa chidzachiimira kumbuyo.

Vuto la a Conservative ku Britain n'lakuti abwenzi ndi osowa. Chipanichi chimakonda misonkho yotsika, malonda oyenda popanda boma kulowererapo kwambiri, chitetezo cholimba ndi kuchepetsa anthu obwera, pamene zipani zing'onozing'ono zambiri zimapendekera mbali inayo. A SNP sakanayerekeza. A Liberal Democrats anali akumvabe kuwawa: atalowa m'boma ndi aphungu 57 mu 2010, anatuluka ndi 8 mu 2015. Khomo logogoda linatsala limodzi, la DUP ya Mayi Arlene Foster, ndipo wogulitsa akadziwa kuti mulibe kwina kopita, mtengo amatchula yekha.

Pangano analisayina pa 26 Juni 2017. A DUP sanatenge unduna ngakhale umodzi. Analonjeza kuvota ndi boma pa voti ya chikhulupiriro, pa mawu a Mfumukazi otsegulira Nyumba, pa bajeti ndi mabilu a ndalama, pa malamulo otulukira mu EU ndi a chitetezo. Pa zina zonse anali omasuka. Boma linalonjeza ndalama zoonjezera zokwana mapaundi 1 biliyoni ku Northern Ireland, za misewu, zipatala, sukulu ndi intaneti. Ku Wales ndi ku Scotland anthu anapsa mtima, ati ndalama za okhoma msonkho onse zagula mpando wa munthu m'modzi. A John Major, amene anali nduna yaikulu ya chipani chomwecho, anachenjeza poyera kuti boma limene liyenera kuima pakati pa mbali ziwiri za ku Northern Ireland, potsatira pangano la mtendere la 1998, silingakhale pa ngongole ndi mbali imodzi.

Ine ndimati panganoli linali ndi kafungo, koma linali ndi ubwino umodzi umene sitiyenera kuupeputsa: linalembedwa n'kusindikizidwa, aliyense n'kuliwerenga. Nzika inkadziwa chimene chagulidwa ndi mtengo wake. Zokambirana za usiku zimene timangomva mphekesera zake, phungu n'kudzuka ali mbali ya boma, zilibe ngakhale chimenecho.

Manifesito nayo inaphwa. Mawu a Mfumukazi a pa 21 Juni, amene amalemba ndi boma lenilenilo, analibe zambiri zimene chipani chinalonjeza pa kampeni: kutsegula sukulu zatsopano zosankha ana ndi mayeso, voti yobwezeretsa kusaka nkhandwe ndi agalu, kuchotsera okalamba opeza bwino ndalama zotenthetsera nyumba nthawi yozizira. Ovotera Conservative anali ndi chifukwa chodandaulira. Koma 58 mwa 100 alionse sanavotere chipanicho, ndipo boma la aphungu ochepa limakumbutsidwa zimenezi tsiku ndi tsiku.

Kugonja n'kwina, kugwa n'kwina

Ku Westminster savota ndi mabatani. A Sipikala amafunsa, mbali ziwiri zimakuwa, ndipo zikapanda kumveka bwino amalamula kuti Nyumba igawike. Mabelu amalira m'maofesi, m'makonde ndi m'malo odyera. Masiku amenewo phungu ankakhala ndi mphindi zisanu ndi zitatu kuti afike zitseko zisanakhomedwe. Ovomera amadutsa m'chipinda china, okana m'china, akuwerengedwa m'modzim'modzi potuluka, kenako owerengera anayi amaima pamzere kutsogolo kwa tebulo n'kulengeza. Boma likakhala ndi aphungu ochuluka, umenewu ndi mwambo chabe. Likaperewera, thupi lililonse limafunika. Pa 15 Januwale 2019 Mayi Tulip Siddiq, phungu wa Labour, anachedwetsa opaleshoni yobereka n'kudzavota ali pa njinga ya odwala. Sanakhulupirirenso mwambo woti wina akadwala, wa mbali inayo naye asavote, chifukwa chaka chapitacho wapampando wa chipani cha Conservative anavota pamene anayenera kukhala pansi m'malo mwa Mayi Jo Swinson, amene anali atangobereka kumene. Pasanathe milungu iwiri, Nyumba inavomereza kuti phungu wa mwana wakhanda azivoteredwa ndi mnzake.

Usiku wa pa 15 Januwale uja boma linagonja ndi mavoti 432 kwa 202 pa pangano lotulukira mu EU limene Mayi May anabwera nalo kuchokera ku Brussels. Kusiyana kwa 230 kunali kusanaonekepo m'mbiri ya masiku ano. A Conservative oposa 100 anagalukira mtsogoleri wawo. A DUP onse khumi anakana, chifukwa cha ndime yosunga malire a pakati pa Northern Ireland ndi dziko la Ireland otseguka, imene iwo ankaiona ngati yowalekanitsa ndi Britain. Mawa lake a Corbyn anabweretsa voti yoti Nyumba ilibe chikhulupiriro mwa boma. Boma linapambana, 325 kwa 306. Omwe aja anakana dzulo, a DUP ndi ogalukira, anadutsa m'chipinda cha boma. Akanangotembenuka khumi a DUP okhawo, boma likanagwa ndi voti imodzi.

Palibe chodabwitsa apa. Dzulo funso linali lakuti pangano ili mukulifuna? Lero linali lakuti boma lichoke? A DUP ankadana ndi panganolo, koma ankadana kwambiri ndi zoti a Corbyn alowe ku Downing Street, kunyumba ya nduna yaikulu. Boma likhoza kugonja pa bilu kakhumi n'kukhalabe. Chimene chimaligwetsa ndi voti ya chikhulupiriro, ndipo mwa mwambo kukanidwa kwa mawu otsegulira Nyumba kapena kwa bajeti kumawerengedwa chimodzimodzi, poti boma losaloledwa kutolera msonkho ndi kugwiritsa ntchito ndalama silingayende. Likagonja pamenepo, nduna yaikulu imatula pansi udindo kapena kupempha chisankho. Zinachitikira a James Callaghan a Labour pa 28 Malichi 1979, ndi 311 kwa 310. Ku Canada chaka chomwecho a Joe Clark, okhala ndi aphungu 136 mwa 282, anaganiza zolamula ngati ali ndi onse, anabweretsa bajeti yokweza msonkho wa mafuta osawerenga bwino mitu, ndipo mu Disembala anagwa, 139 kwa 133, asanathe ngakhale chaka.

Palinso voti ina imene anthu amaisokoneza ndi iyi. Pa 12 Disembala 2018 aphungu a Conservative okha anavota mwachinsinsi ngati akufunabe Mayi May kukhala mtsogoleri wa chipani, ndipo iwo anapulumuka ndi 200 kwa 117. Imeneyo ndi nkhani ya m'chipani. Koma pamapeto pake n'kumene kunachokera chowachotsa. Pangano lawo litakanidwanso pa 12 Malichi ndi pa 29 Malichi 2019, anzawo anawatopera, ndipo pa 24 Meyi analengeza kuti achoka. A Boris Johnson anakhala nduna yaikulu pa 24 Julayi atasankhidwa ndi mamembala a chipani, dziko lonse osaponya voti. Izinso n'zololedwa, pa chifukwa chomwe chija: pepala lovotera linalibe dzina la nduna yaikulu.

Boma loperewera silikhala lopuwala

Musanamizike kuti boma lotere lilibe mano. Nduna zimayendetsabe maunduna, kulemba anthu ntchito, kukambirana ndi mayiko ena. Ndi boma lokha limene lingabweretse ganizo logwiritsa ntchito ndalama za dziko, ndipo masiku ambiri ndilo limasankha zoti Nyumba ikambirane. Malamulo ambiri okhudza moyo wa munthu sadutsa ngati bilu yathunthu. Malamulo a viza, mwachitsanzo, amasinthidwa ndi nduna ya Home Office, unduna wa za m'dziko, polemba chikalata n'kuchiika m'Nyumba, ndipo chimagwira ntchito ngati aphungu sanadzuke n'kuchikana, kukana kumene sikuchitikachitika. Mu Januwale 2019, mwezi womwe boma linkagonja ndi 230 uja, ndalama imene obwera ndi viza amalipira pa chithandizo cha kuchipatala inakwera kuchoka pa mapaundi 200 kufika pa 400 pachaka. Mmalawi amene ankakonzanso viza yake ndi ya ana anaimva m'thumba, boma likuoneka ngati likufa.

Boma la Mayi May linaphunziranso kuzemba. Linatalikitsa gawo la zokambirana kukhala zaka ziwiri, kuti mu 2018 kusakhale mawu a Mfumukazi owavotera. Pa masiku amene otsutsa amasankha mutu, linauza aphungu ake kuti asamavote. Mu Okutobala 2017 ganizo la Labour loti ndondomeko ya chithandizo cha osauka ya Universal Credit iyambe yaima linadutsa ndi 299 kwa 0, boma n'kungoti mavoti otere samanga aliyense. Mwa lamulo linkanena zoona. Koma apa m'pamene ndimaona kuti linadzikumbira dzenje, chifukwa otsutsa anapita kukafukula njira yakale, yopempha mfumu kuti ilamule boma kutulutsa zikalata, imene imamanga. Boma litakana kutulutsa malangizo onse a mlangizi wake wamkulu wa zamalamulo, a Geoffrey Cox, Nyumba inagamula pa 4 Disembala 2018, ndi 311 kwa 293, kuti nduna zainyoza. Aka kanali koyamba boma la Britain kupezeka ndi mlandu wotere. A DUP anavota ndi otsutsa. Zikalata zinatuluka mawa lake.

Phungu wamba, amene nthawi zina amangokhala wodzaza mpando, anasanduka munthu woopedwa. Mu Juni 2017 Mayi Stella Creasy a Labour anafuna kuonjezera ndime yoti amayi a ku Northern Ireland opita ku England kukachotsa pakati asamalipire. Boma litaona kuti ena mwa aphungu ake avomera, linagonjera voti isanachitike. Mu Disembala a Dominic Grieve, a Conservative omwe, anadutsitsa ndi 309 kwa 305 ndime yoti pangano la EU lidzayambe lavoteredwa m'Nyumba. Mavoti anayi amenewo ndiwo anabala usiku wa 230 uja. Mu Epulo 2018, nkhani ya Windrush itaphulika, ya anthu ochokera ku Caribbean amene anakhala m'dzikomo movomerezeka zaka makumi n'kuyamba kuchotsedwa ntchito, kumanidwa chithandizo cha kuchipatala, ena kuthamangitsidwa kumene, nduna ya Home Office Mayi Amber Rudd anauza komiti ya aphungu kuti unduna wawo ulibe chiwerengero cha anthu oyenera kuthamangitsidwa. Zikalata zinaonetsa zina, ndipo pa 29 Epulo anatula pansi udindo. Boma lokhala ndi aphungu ochuluka limatha kuphimba nduna yake mpaka mphepo itadutsa. Ili linalibe chofunda.

Komatu tisaitamande mopitirira Nyumbayi. Kukana inkatha, kusankha inkalephera. Pa 27 Malichi 2019 aphungu analanda ndandanda ya zokambirana n'kuvotera njira zisanu ndi zitatu za Brexit, kutuluka mu EU kuja, ndipo zonse anazikana. Pa 1 Epulo anayesa zinayi, n'kuzikananso zonse.

Gawo lanu

Nzika ya dziko la Commonwealth ya zaka 18 kapena kuposa, yokhala ku Britain ndi chilolezo cholowa kapena chokhala m'dzikomo, ingalembetse n'kuvota pa chisankho cha aphungu. Malawi, Zambia, Mozambique ndi South Africa onse alimo. A ku Zimbabwe nawo amaloledwa, ngakhale dziko lawo linatuluka m'bungweli mu 2003. Simufunika pasipoti ya Britain. Wophunzira wa viza, wosamalira okalamba wa viza ya ntchito, onse ufuluwu ali nawo, ndipo amene ali ndi chilolezo chokhala mpaka kalekale angathe kuima nawo pa chisankho. Kulembetsa kumachitika pa intaneti, pa tsamba la boma, ndipo amafunsa nambala ya National Insurance. Mukasamuka nyumba mumalembetsanso. Apa m'pamene ambiri amagwa, poti moyo wa lendi ndi wosamukasamuka. Kuvota kumachitika Lachinayi, kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 10 koloko usiku, choncho wa shifiti ya usiku ndi wa masana onse mpata ali nawo. Potsatira lamulo la 2022, tsopano amafuna chiphaso cha chithunzi. Pasipoti ya dziko la Commonwealth amalandira, ndipo wopanda chiphaso angapemphe chaulere ku khonsolo.

Woti voti imodzi siisintha kanthu aone za 2017. Ku North East Fife a SNP anapambana ndi mavoti 2. Ku Kensington, pakati pa London, a Labour analanda mpando ndi mavoti 20. Ikani zimenezi pambali pa boma loperewera ndi anthu anayi.

Phungu wa dera lanu ndi wanu ngakhale simunamuvotere, ngakhale simuvota n'komwe. Ambiri amakhala ndi tsiku loonana ndi anthu m'dera, ndipo angalembere Home Office kufunsa za fayilo yanu imene yagona. Sangasinthe chigamulo cha khoti, ndipo mwa mwambo sathandiza munthu wa dera la mnzake, ndiye polemba kalata yambani ndi adiresi yanu. Nenani chinthu chimodzi, bilu yake kapena ndime yake, ndi mmene chikukukhudzirani. Nthawi ya boma loperewera, kalata yopita kwa phungu wa chipani cholamula amene anapambana ndi mavoti ochepa imalemera kuposa ina iliyonse, chifukwa iyeyo ndiye akuwerengedwa mbali zonse ziwiri, ndi akuluakulu a chipani komanso ndi anthu a kwawo.

Aliyense wokhala m'dzikomo angasayinenso pempho pa tsamba la Nyumba ya Malamulo. Likafika anthu 10,000 boma limayankha, likafika 100,000 amaliganizira zokambirana. Musayembekeze zambiri. Mu 2019 anthu oposa 6 miliyoni anasayina loti Brexit iimitsidwe, boma linakana, nkhani n'kuthera pomwepo.

Nanga kuchotsa phungu? Kwathu Gawo 64, lopatsa anthu mphamvu imeneyi, aphungu analifafaniza mu 1995. Ku Britain lamulo lake linabwera mu 2015, koma ndi lopapatiza. Limagwira ntchito phungu akalamulidwa kukhala kundende, akaimitsidwa m'Nyumba masiku khumi a zokambirana kapena kuposa, kapena khoti likamupeza wolakwa ponama pa ndalama zoyendetsera ntchito yake. Zikatero pempho limatsegulidwa milungu isanu ndi umodzi, ndipo akasayina ovota 10 mwa 100 alionse, mpando umakhala wopanda munthu. Simungamuchotse chifukwa wavota zosakukondweretsani. Simungamuchotsenso chifukwa wasintha chipani, pakuti kumeneko kulibe Gawo 65: mpando ndi wa munthu, si wa chipani.

Zinthu ziwirizi ndizo zinamaliza pangano la DUP. Ku Brecon and Radnorshire, ku Wales, anthu anachotsa phungu wa Conservative pa mlandu wa ndalama, ndipo pa chisankho chapadera cha pa 1 Ogasiti 2019 mpando unapita kwa Liberal Democrats. Boma pamodzi ndi DUP linatsala likuposa otsutsa ndi munthu m'modzi. Pa 3 Seputembala, a Johnson ali chilili akulankhula, a Phillip Lee, phungu wa Conservative, analowa m'Nyumba n'kukakhala pa benchi ya Liberal Democrats makamera akuona. Usiku womwewo aphungu 21 a Conservative anavota motsutsa boma ndipo anachotsedwa m'gulu la chipani, pakati pawo a Kenneth Clarke ndi a Nicholas Soames, mdzukulu wa Winston Churchill. Onse anakhalabe aphungu.

Masiku angapo izi zisanachitike, a Johnson anali atalangiza Mfumukazi kuti itseke Nyumba milungu isanu. Mayi Gina Miller, wabizinesi wobadwira ku Guyana, anakasuma ku London, ndipo aphungu otsogoleredwa ndi Mayi Joanna Cherry anasuma ku Scotland. Pa 24 Seputembala oweruza 11 a Supreme Court, motsogoleredwa ndi Lady Hale, anagamula onse pamodzi kuti kutsekako kunali kosemphana ndi lamulo, chifukwa kunalepheretsa Nyumba kugwira ntchito yake popanda chifukwa chomveka. Mawa lake aphungu anabwerera m'mipando. Milandu yotere imadya ndalama zimene munthu wamba sangazikwanitse yekha, koma chigamulocho chilipo, ndipo chikumanga nduna yaikulu iliyonse imene ingaganize zothawa aphungu potseka chitseko.

Zinthu zinali zitafika pa mwana wakana phala. Boma silinkatha kudutsitsa zofuna zake, otsutsa sankagwirizana za amene angalowe m'malo, ndipo lamulo la 2011 linkati chisankho cha msanga chimafuna magawo awiri mwa atatu a aphungu. A Johnson anapempha katatu, katatu konse n'kulephera. Pomaliza anadutsitsa kalamulo kakafupi kongotchula tsiku, ndipo pa 12 Disembala 2019 anapeza mipando 365. A DUP anatsika kufika pa 8, opanda wowafunanso, ndipo pangano limene a Johnson anasayina ndi EU linaika kuyendera katundu pakati pa Britain ndi Northern Ireland, chinthu chomwe chija iwo anakanira Mayi May.

Lamulo la 2011 lija analichotsa mu 2022. Lero nduna yaikulu ingapemphe mfumu kuthetsa Nyumba popanda voti ya aphungu, ndipo ikapanda kutero Nyumba imatha yokha pakatha zaka zisanu. Ndiye boma loperewera likadzabweranso, la chipani chilichonse, mtsogoleri wake adzakhala ndi chida chimene Mayi May ndi a Johnson analibe: kuuza aphungu ogalukira ndi zipani zing'onozing'ono kuti akakana bilu yake, onse akakumana kwa ovota.